Amayi anapita nafe tonse ku sikelo, nanga katemera wa Covid-19 anamukaniranji?

Funso la lero lachokera kwa mlembi wa bungwe lina lothandizana pa maliro ku Mabvuku, muno mu Harare. Alemba kuti: "Bungwe lathu ndi la ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi. Mu 2021 tinaika m'manda anthu athu ambiri kuposa chaka china chilichonse, moti thumba linatsala pang'ono kuuma. Komabe katemera wa Covid-19 atabwera tinagawikana, ena kuthamangira, ena kukana kwamtuwagalu. Amayi anga ondibala, amene anatibereka kumsana ana 7 kupita nafe ku sikelo osaphonya ngakhale tsiku limodzi, anakana. Mpaka lero sindimvetsa. Chimachititsa anthu kulandira kapena kukana katemera pa nthawi ya mliri n'chiyani? Nanga mliri wina ukadzabwera, ife a komiti tidzatani?"

Zikomo bambo Mlembi, ndipo pepani ndi zovuta zimene zinakugwerani chaka chimene chija. Ine ndine namwino wa zaumoyo wa anthu m'madera, mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito mzinda uno ukadali kutchedwa Salisbury. Chaka cha 2021 ndinachithera m'makiliniki ndi m'matenti a katemera, choncho zimene ndikuuzeni pano, zina ndi za m'maphunziro, zina ndi zoona ndi maso.

Ndiyambe ndi kuwachotsera mlandu amayi anu. Mayi wosamala ana chotero si mbuli, ndiponso si wodana ndi chipatala. Ife azaumoyo tili ndi chizolowezi choipa chounjika aliyense wosabayitsa m'dengu limodzi n'kumawatchula kuti okana. Koma mukakhala nawo pamphasa mmodzimmodzi, mupeza kuti okana enieni, oti ngakhale mutawafikira pakhomo ndi jakisoni sangapinde mkono wa malaya, ndi ochepa. Ambiri ndi aja a "tione kaye anzathu". Enanso ambiri ankamufuna ndithu katemerayu, koma njira yokafika pamene iye anali inali ya minga. Anthu amenewa sathandizidwa mofanana. Wovutika ndi thiransipoti mukamamulalikira za sayansi mukungotaya mawu, ndipo wamantha mukamupatsa ya basi angokagula ndiwo.

Kumbukirani mmene zinayambira. Munthu woyamba kumwalira ndi Covid-19 muno mu Zimbabwe anali Zororo Makamba, mtolankhani wachinyamata amene anali atangofika kumene kuchokera ku New York. Anamwalira ku chipatala cha Wilkins pa 23 March 2020. Mu January 2021 mliri unatenga nduna za boma, a Sibusiso Moyo ndi a Joel Biggie Matiza kuno, ndipo kumudzi ku Malawi a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama anatisiya tsiku limodzi, pa 12 January. M'makomboni mwathu nkhani imeneyi inamveka mwanjira yake: awa ndi matenda a mabwana, okwera ndege ndi okhala m'maofesi ozizira, ife odya mgaiwa ndi opsa ndi dzuwa satigwira. Munthu amene sakuona moto sathamangira madzi, ndiye wathanzi lake apereke mkono chifukwa chiyani?

Katemera woyamba anafika pa 15 February 2021, madozi 200,000 a Sinopharm, mphatso yochokera ku China. Pa 18 February wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Constantino Chiwenga, amene panthawiyo analinso nduna ya zaumoyo, anabayitsa ku Wilkins pamaso pa atolankhani. Oyamba pamzere tinali ife ogwira ntchito m'zipatala, ndipo ndinene zoona, ambiri mwa ife tinazengereza. Chifukwa chake chinalipo. Bungwe loona za mankhwala la MCAZ linali litamuvomereza katemerayu, koma la WHO linadzavomereza Sinopharm pa 7 May, ndipo Sinovac, katemera winanso wa ku China, pa 1 June. Miyezi ya pakatipo anamwino ena ankanong'onezana kuti tiyeni tidikire. Tsono namwino amakhala m'komboni momwemo, amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi amayi anu. Akangoti "ine sindinabayitse, ndikuona kaye", mawu amenewo amafika patali kuposa chilengezo cha pa wailesi. Kwa ine, apa ndi pamene tinataya anthu ambiri. Tinathamangira kulengeza ku mtundu wonse tisanakhale pansi ndi anamwino athu omwe n'kuyankha mafunso awo.

Kenako kunabwera June ndi July, nyengo ya chisanu, pamodzi ndi mtundu wa kachilomboka wotchedwa Delta. Izi mukuzidziwa kuposa ine, popeza ndinu munkalemba mayina m'buku la bungwe. Pamaliro anthu 30 okha, kuona nkhope ayi, kugona pa siwa ayi. Anthu omwe aja ankati ndi matenda a mabwana anayamba kulawirira ku zipatala za Wilkins ndi Parirenyatwa ndi m'makiliniki a khansolo, mizere kukhota mpaka kumsewu. Palibe amene anawaphunzitsa zatsopano m'masabata amenewo. Imfa ndiyo inalowa mumsewu mwawo, paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi yomweyo katemera ankaperewera m'malo ambiri. Munthu kuima kuyambira mbandakucha, dzuwa kufika pamutu, n'kuuzidwa kuti watha, mubwere mawa. Mtima wofuna katemera sukhalitsa, uli ngati moto wa mapesi. Amene tinawabweza masiku amenewo, ambiri sitinawaonenso, ndipo m'mabuku athu analowa m'gulu la okana.

Tsiku lina ndinafunsa mayi wina wogulitsa matimati, amene amakapikula ku Mbare Musika, chifukwa chimene sanabayitsire. Sanatchule Satana, sanatchule China. Anangotambasula dzanja n'kuyamba kuwerenga zala. "Asisi, makombi analetsedwa, basi ndi ya ZUPCO yokha, kuidikira ndi maola. Ndikaima pamzere wanuwo tsiku latha, matimati afewa. Mukuti mkono ukhoza kuwawa mawa lake, dengu andisenzetsa ndani? Ndiye mukuti ndibwerenso pakatha masabata atatu kapena anayi. Masiku onsewo ana adya chiyani?" Ndinasowa choyankha, chifukwa masamu ake anali olondola. Timati katemera ndi waulere, koma kwa wodya za tsiku lomwelo mtengo wake ndi ufa wa masiku atatu. Wa pa ntchito ya malipiro a pamwezi sauona mtengo umenewu, ndipo amene amakonza ndondomeko za katemera ndi a malipiro a pamwezi.

Pali munga wina umene umabaya ife a mtundu wa Chimalawi kuposa anzathu, ndiwo chitupa. Pokabayitsa anthu ankauzidwa kubwera ndi chitupa kapena pasipoti kuti alembedwe m'kaundula. Kwa ambiri ndi nkhani yaing'ono. Koma inu mukudziwa mmene lamulo la unzika la 2001 linasiyira anthu obadwira konkuno ali ndi zitupa zodindidwa kuti ALIEN, ena opanda chitupa n'komwe, ana awo opanda chikalata cha kubadwa. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira muno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, koma si onse anakwanitsa kukasintha mapepala. Onjezanipo Murambatsvina ya 2005, pamene anthu anagwetseredwa nyumba n'kuuzidwa kubwerera kumudzi, ena kumudzi kwake asakudziwa n'komwe.

Pa kiliniki ina imene ndinkathandizapo, m'mawa wina mlonda anali pa geti akufuula m'Chishona kuti aliyense atulutsiretu chitupa. Ndinaona agogo ena aamuna, jekete yakuda yochapidwa bwino, chipewa chachisilamu kumutu, akutuluka pamzere mwakachetechete n'kuyamba kubwerera. Ndinawatsatira mpaka pa mtengo wa kunja kwa mpanda. Nditawapatsa moni m'Chichewa anaima, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa kapepala ka pulasitiki m'thumba la mkati, manja akunjenjemera, nati: "Mwanangu, changa n'cholembedwa zija. Ndikapereka dzina langa m'buku la boma, mawa sadzabwera kudzanditenga?" Anali atakhala mu Harare zaka zoposa 50. Ndinawafotokozera kuti bukulo ndi la achipatala, lotithandiza kudziwa tsiku la jakisoni wachiwiri, ndipo ndinalowa nawo ndekha. Pofika tsiku lachiwirilo anabwera ndi akazi awo ndi anzawo awiri a kumzikiti. Koma ndimadzifunsabe kuti ndi angati anabwerera pa geti lija ine ndikuyang'ana kumbali.

Tsopano tibwere kwa amayi anu. Katemera wa ku sikelo amamudziwa. Anthu a msinkhu wawo anaona chikuku chikulowa m'mudzi n'kutenga ana awiri atatu nyumba imodzi, anaona olumala ndi poliyo, ena ali ndi chipsera cha katemera wa nthomba pa mkono, nthenda imene inathetsedwa padziko lonse mu 1980. Anaona ndi maso awo kuti ana obayidwa akukula. Namwino wa ku sikelo ankamudziwa dzina, ndipo khadi lija ankalisunga m'sutikesi pamodzi ndi mapepala a nyumba. Chikhulupiriro chimenecho chinamangidwa zaka zambiri. Katemera wa Covid-19 anabwera mwina. Anali wachilendo, wobaya akuluakulu oti sakudwala, ndipo anafika pa nthawi ya zotchinga za apolisi m'misewu, makalata a chilolezo choyendera, ndi misika yogwetsedwa. Dzanja limene dzulo linakugwetsera tebulo la malonda, lero likubwera ndi jakisoni n'kumati ndi chifukwa chokukonda. Munthu wanzeru zake amayamba wafunsa.

Ndipo mtundu wathu uli ndi zokumbukira. M'zaka za m'ma 1970, m'mapulazi a azungu momwe agogo athu ambiri ankagwira ntchito, amayi ankabayidwa jakisoni wolera wa Depo-Provera mowakakamiza, ena osauzidwa bwino chimene akubayidwa. Nkhaniyi inakula moti boma latsopano linauletsa mu 1981, nduna ya zaumoyo ali a Herbert Ushewokunze. Masiku ano Depo ndi njira yabwino yolera imene mayi amasankha yekha, vuto linali kukakamiza kuja. Tsono mphekesera yoti katemera wa Covid-19 ndi wotseka mimba itafika, inagwera pa nthaka yolimidwa kale. Kumudzi nakonso, nkhani za anamapopa zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017 zikutionetsa kuti mantha a mlendo wobwera ndi singano ndi akale ndipo ali ndi mizu. Sindikuti mphekeserazi ndi zoona. Amayi miyandamiyanda anabayitsa, anatenga pakati, anabereka ana abwinobwino, ndipo kafukufuku sanapeze kuti katemerayu amalepheretsa kubereka, kaya kwa mwamuna kaya kwa mkazi. Chimene amayi ena anaona ndi kusintha pang'ono kwa masiku a kumwezi, kwa kanthawi kochepa. Koma mukamuseka munthu wonena zimenezi, mukuseka zimene zinachitikira amayi ake, ndipo sadzakumveraninso.

Funso limene ndinkafunsidwa kawirikawiri linali lakuti, wa Edzi wakanika zaka zonsezi, uyu wapezeka bwanji chaka chimodzi? Ndi funso labwino ndipo yankho lake lilipo. Kachilombo ka HIV kamasinthasintha maonekedwe mwachangu kwambiri ndipo kamabisala m'maselo a chitetezo cha m'thupi momwemo, pamene thupi la munthu limatha kugonjetsa ka korona palokha, ndiye ntchito ya katemera ndi kungoliphunzitsiratu. Akatswiri sanayambire pansi, anali atafufuza kale abale ake a kachilomboka, SARS ya 2003 ndi MERS ya 2012. Ndalama zinatsanulidwa zambiri, ndipo popeza odwala anali ponseponse, sizinatenge nthawi kuona kusiyana pakati pa obayidwa ndi osabayidwa. Komanso Sinopharm ndi Sinovac amene tinkabaya kuno amapangidwa mwa njira yakale, ya kachilombo kophedwa kale kamene sikangathe kuswana m'thupi, njira yomweyo ya katemera wa poliyo wobaya amene ana amalandira ku sikelo. Amayi anu akanauzidwa zimenezi modekha, m'chinenero chawo, mwina akanaona kuti mlendoyu ndi wa pachibale ndi amene amamudziwa kale.

Nkhani ya chinenero si yaing'ono. Chichewa chili pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka m'malamulo aakulu a dziko lino, koma zikwangwani za katemera zimene ndinkapachika zinali m'Chingerezi, Chishona ndi Chindebele. Agogo amagula ndi kugulitsa m'Chishona bwinobwino, koma mantha awo amawaganiza m'Chichewa. Mpata umenewu unadzazidwa ndi foni. Ife timamva nkhani za maiko awiri nthawi imodzi, ndipo mauthenga a mawu ochokera kwa achibale ku Lilongwe, ku Mangochi kapena ku Johannesburg amafika pa WhatsApp m'chinenero cha mumtima. Ku Malawi ankabaya AstraZeneca, amene anamveka ndi vuto losowa kwambiri la kuundana kwa magazi, ndipo nkhani imeneyo inawoloka malire n'kumamatira pa Sinopharm, amene ndi katemera wina ndithu. Pa 19 May 2021 boma la Malawi linatentha madozi 19,610 otha nthawi ku Kamuzu Central Hospital, pamaso pa nduna ya zaumoyo a Khumbize Kandodo Chiponda, cholinga chili choti anthu aone kuti palibe amene abayidwe katemera wotha mphamvu. Chithunzi chomwecho chitafika m'mafoni a kuno chinali ndi mawu ena: onani, kwathu autentha chifukwa ndi poizoni.

Ifenso tinalakwitsa polonjeza. Ena mwa ife tinkauza anthu kuti mukabayitsa simudwala. Mtundu wina wa kachilomboka wotchedwa Omicron utatulukira mu November 2021, obayitsa ambiri anadwala chimfine chija, ndipo osabayitsa anati mwaona? Chimene tinayenera kunena kuyambira pachiyambi n'chakuti katemerayu ntchito yake yaikulu ndi kukutetezani kuti musafike pogonekedwa ndi mpweya wa oksijeni kapena kumwalira, kuti mkono ukhoza kuwawa ndipo thupi likhoza kutentha tsiku limodzi kapena awiri, komanso kuti mphamvu yake imachepa pakapita miyezi, n'chifukwa chake pamafunika wowonjezera. Munthu ukamuuziratu zowawa, zikabwera amati anandiuza zoona. Ukamubisira, akazitulukira yekha amataya ndi zoona zomwe.

Za chipembedzo anthu amakonda kuzinena mophweka, ngati kuti opemphera ndiwo okana. Si momwemo. N'zoona kuti nkhani ya 666 inamveka m'maguwa ena, ndipo n'zoona kuti magulu ena a mapositoli, monga a Johanne Marange, amaletsa za chipatala. Mliri wa chikuku umene unayambira ku Mutasa m'chigawo cha Manicaland mu April 2022 unapha ana oposa 700, ambiri mwa iwo osabayidwa. Koma ndaonanso amayi a mipingo yomweyo akubwera kumadzulo, atavula zoyera, kudzabayitsa ana mobisa. Abale athu achisilamu anali ndi mafunso awiri omveka: muli za nkhumba kodi, nanga jakisoni samasula swaumu? Ramadan ya 2021 inayamba pakati pa April, ntchito ya katemera ili mkati. Akuluakulu a Chisilamu ku Indonesia anali atagamula kale mu January kuti Sinovac ndi halali, ndipo mashehe ambiri anafotokoza kuti jakisoni wa pa mnofu samasula kusala. Kumene shehe ananena zimenezi Lachisanu, anthu anabwera. Kumene abusa anapinda malaya pamaso pa mpingo, amayi a Chigwirizano anatsatira. Nduna ikabayitsa pa wailesi yakanema anthu amati amubaya madzi. Koma mkulu wa mpingo amene adzamuone Lamlungu likubweralo ali moyo, akuyenda, ameneyo ndiye umboni.

Boma linayesanso chikakamizo. Mu August 2021 matchalitchi analoledwa kutsegulira obayitsa okha, ndipo pambuyo pake ogwira ntchito m'boma anauzidwa kuti wosabayitsa asabwere ku ntchito. Mizere inakuladi. Koma maganizo anga ndi akuti chikakamizo chimabweretsa mkono, mtima n'kutsala kunyumba. Makadi achinyengo anayamba kugulitsidwa, ndipo ambiri obayitsa mokakamizidwa sanabwerenso kudzalandira wowonjezera. Choopsa kwambiri n'chakuti mkwiyo wotere sukhala pa katemera mmodzi, umatha kufalikira mpaka ku sikelo ya ana. Ndiye ngati komiti yanu ikuganiza zodzalipiritsa chindapusa osabayitsa, kapena kuwaopseza kuti bungwe silidzagula bokosi, chonde musatero. Bungwe la maliro ndi malo amodzi otsala amene munthu wathu amadziwa kuti sadzatayidwa.

Mwafunsa chimene mudzachite mliri wina ukabwera. Yambani pano, kukadali bata. Inu muli ndi chinthu chimene unduna ulibe: buku la mayina, ndi anthu amene amakutsegulirani chitseko usiku. Gulu la achipatala lobwera ndi galimoto ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inu ndinu okhala. Pitani a komiti awiri kapena atatu ku kiliniki ya khansolo ya kufupi nanu mukadziwane ndi sisitala wamkulu, mumuitane ku msonkhano wanu wa pamwezi adzayeze anthu BP ndi shuga, kuti tsiku la mavuto asadzakhale nkhope yachilendo. Ngati pali namwino wolankhula Chichewa, ngakhale wopuma pa ntchito, mugwireni ndi manja awiri. Fufuzani mamembala amene mapepala awo sali bwino muwathandize kupita ku ofesi ya kaundula panopa, chifukwa chitupa chomwecho n'chimene chidzafunike pa chithandizo china chilichonse.

Katemera akadzafika, limbikirani kuti abwere kumene kuli anthu. Tinaona mu 2018, kolera itavuta ku Glen View ndi ku Budiriro, katemera wakumwa anaperekedwa m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'misika, ndipo anthu analandira mwaunyinji. Anthu a kumeneko ankakumbukira kolera ya 2008 ndi 2009 imene inapha anthu oposa 4,000, komanso sanafunike kutaya tsiku. Pemphani tenti pa bwalo la tchalitchi mapemphero akatha, pa mzikiti Lachisanu, kapena pa msonkhano wanu weniweniwo, Loweruka masana pamene amalonda aweruka. Zikakanika, tapani m'thumba la bungwe mulipire galimoto yonyamula okalamba ndi odwala shuga, BP ndi amene ali pa ma ARV, popeza ndiwo amene matenda otere amawagwetsa msanga, ndipo katemera wa Covid-19 salimbana ndi mankhwala awo. Inu amene mumadziwa mtengo wa bokosi ndi manda mu Harare simufunika kuuzidwa kuti ndalama ya galimotoyo ndi yochepa. A komiti mubayitse poyamba, anthu akuona, ndipo mawa lake muwauze zoona za mmene mkono wagonera.

Pa gulu lanu la WhatsApp sankhani munthu mmodzi wodekha woti uthenga woopsa ukafika azikafunsa kwa namwino n'kubweretsa yankho tsiku lomwelo, m'mawu, m'Chichewa, chifukwa agogo sawerenga zolemba zazitali koma uthenga wa mawu amaumvetsera kawiri. Wotumiza mphekesera musamuchititse manyazi pagulu. Nthawi zambiri amatumiza chifukwa chokonda abale ake, akuganiza kuti akuwatsina khutu. Muimbireni payekha.

Za amayi anu, musapite ndi mlandu wa 2021. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Okalamba ndi amene amapindula kwambiri ndi katemera wa matenda a m'mapapo otere, choncho nkhaniyi ndi yofunikabe, koma khomo lake ndi kufunsa, osati kuuza. Mukapita kukawaona, apempheni akutulutsireni makadi anu a ku sikelo ngati akadali m'sutikesi muja, akufotokozereni mmene ankayendera nanu, namwino wake anali ndani, chikuku chinatenga ana a yani. Akamasuka, afunseni mwaulemu kuti, "Amayi, nanga uja wa korona, chinakuopsani n'chiyani?" Akayamba kuyankha musawadule, ngakhale atatchula zimene inu mukudziwa kuti si zoona. Mukamva chenicheni, kaya ndi chitupa, kaya ndi zimene anaona ku pulazi ali mtsikana, kaya ndi uthenga wa mng'ono wawo wa ku Ntcheu, mupite nawo kwa namwino amene iwo angamukhulupirire, akafunse okha ndi pakamwa pawo.